Ngongole ya malemu ndi tsiku la Kiyama

Pa maliro a kumudzi ku Mzimba pamakhala chilengezo china chimene anthu ambiri sachitchera khutu. Chimabwera mochedwa, amayi a Umanyano ataimba mpaka mawu kusasa, mbiri ya malemu itawerengedwa, mndandanda wa chipepeso utatha: ampingo apereka zakuti, akuchikazi thumba la ufa, ana a ku Joni atumiza zakuti. Apo woyankhulira banja kapena nduna ya mfumu amaimirira n'kunena m'Chitumbuka kuti ngati alipo amene malemu anali naye ngongole, kapena amene anakongola kwa malemu, asafulumire kuchoka, aonane ndi akubanja mwambo ukatha. Nthawi imeneyo adzukulu amakhala akuyang'ana dzuwa, ena maso ali kumene kukufuka utsi wa nsima. Mawuwo amangopita ndi mphepo.

Koma Mkhristu wa ku Embangweni, ku Jenda kapena pa boma la Mzimba akati akhale pansi n'kuwerenga zimene Asilamu amaphunzitsa za imfa ndi chiweruzo, chilengezo chomwecho amayamba kuchimva mwina. M'Chisilamu ngongole imatsata munthu mpaka kumanda, n'kukamudikira pa tsiku louka akufa, limene Asilamu a m'Malawi amalitcha tsiku la Kiyama. Wowerenga wotere amatsegula buku akuyembekeza zachilendo zokhazokha. Amapeza kuti zambiri anazimvapo kale ku Sande sukulu, ndipo pamene zipembedzo ziwirizi zasiyanadi ndi pa funso limodzi: mlandu wa munthu pamaso pa Mulungu adzaulipira ndani?

Anansi odziwana pamsika

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ambiri a iwo ku Mangochi, Machinga, Balaka, Zomba, Salima ndi Nkhotakota. Ku Mzimba, boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndi ochepa kwambiri, ndipo inachititsa ndi mbiri. Chisilamu chinalowera kunyanja. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda anachilandira kuyambira cha m'ma 1870. Kumtunda kuno kunali Angoni a M'mbelwa, ndipo amene anawafikira ndi buku anali a mishoni ya Livingstonia. William Koyi, mlaliki wochokera ku South Africa amene ankamvana nawo chiyankhulo, anakhala pa Njuyu kuyambira mu 1882, ndipo mu 1902 Donald Fraser anatsegula siteshoni ya Loudon, imene lero aliyense amangoti Embangweni. Pambuyo pake Akatolika anamanga ku Katete, a Seventh Day Adventist ku Lunjika.

Choncho Msilamu amene mwana wa ku Mzimba amamudziwa ndi telala wa pakhonde la sitolo, wogulitsa usipa wochokera kunyanja, wapolisi kapena namwino wotumizidwa kudzagwira ntchito, ndi bambo amene amaitanidwa kudzachinja mbuzi kuti nyamayo aliyense adye. Ena anakumana ku Joni, kumene anyamata a ku Mzimba ndi a ku Mangochi amagona chipinda chimodzi n'kumagwira ntchito m'sitolo imodzi. Amadziwa kuti mnzawoyo sadya nkhumba, amasala m'mwezi wa Ramadhani, ndipo Lachisanu masana amasowa. Zimene amayembekeza akadzamwalira, ndi ochepa anamufunsapo.

Maliro osagona

Ambiri phunziro loyamba amalipeza pa maliro. Munthu wozolowera kugona pasiwa masiku awiri kapena atatu, kudikira achibale a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, amadabwa kumva kuti mnzake amene wamwalira m'bandakucha aikidwa dzuwa lisanalowe.

Thupi amalisambitsa katatu kapena kasanu, kuyambira mbali ya kumanja, amuna kusambitsa mwamuna, amayi kusambitsa mayi mnzawo. Kenako amalikulunga m'sanda, nsalu yoyera wamba, zidutswa zitatu kwa mwamuna, zisanu kwa mkazi. Suti palibe, nsapato palibe. Amaligoneka pa jeneza, chonyamulira cha pamzikiti chimene chinanyamula kale olemera ndi osauka, ndipo mwambo ukatha chimabwerera kukadikira wina. Pemphero la maliro, limene amati swala, ndi lalifupi moti mlendo amaganiza kuti silinayambe: amuna amaima m'mizere, shehe patsogolo, amakweza dzina la Mulungu kanayi, osawerama, osagwada, n'kumupemphera malemu chikhululukiro. Panjira jeneza limayenda pamapewa, uyu kusenza pang'ono n'kupatsira mnzake. M'mandamo amakumba kachipinda, thupi n'kuligoneka chakumanja, nkhope kuloza ku Makka, kumene kuchokera ku Mzimba ndi kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Amatseka kachipindako ndi mitengo kuti dothi lisagwere thupi, n'kukwirira.

Zoti wakufa ayang'ane kwinakwake Mngoni sizimudabwitsa. Makolo ake ankaika mwamuna atakhala tsonga, atamukulunga m'chikopa cha ng'ombe, nkhope kuloza kumene mtunduwo unachokera usanawoloke Zambezi mu 1835. Chimene chimamugwira mtima ndi kuchepa kwa ndalama zotayika. Maliro ambiri a kum'mwera kwa Mzimba masiku ano amachokera ku South Africa. Thupi limayenda masiku angapo pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, kudutsa Beitbridge ndi Tete, anthu akumudzi kwawo amene ali ku Joni atasonkha ndalama. Kunoko kumafunika ng'ombe yodyetsa olira, ndipo pakapita nthawi chiliza. Mabanja ena amaika m'bale wawo n'kutsala ndi ngongole yoposa imene malemuyo anasiya. Mtima wofuna kugona pakati pa anthu ako ndi wamphamvu. Ngakhale Fraser atamwalira ku Scotland mu 1933, phulusa la thupi lake linabweretsedwa ku Embangweni. Chisilamu sichilola kutentha thupi, ndipo chimalimbikitsa kuika munthu msanga kumene imfa yamupeza.

Asilamu nawo samvana pa zonse. Kuyambira nthawi ya atsamunda pakhala mtsutso pakati pa a Kadiriya, amene amaperekeza maliro ndi sikiri, kutchula dzina la Mulungu mokweza ndi mwa kayimbidwe, ndi a Sukuti, amene dzina lawo likuchokera ku liwu la Chiarabu lotanthauza kukhala chete. Mtsutsowo umafikanso pa sadaka, chakudya chophikidwa pokumbukira malemu, makamaka pa tsiku la 40. Mkhristu amene anaonapo mkangano kumpingo kwawo pa za kumeta, za chiliza kapena za kupempherera akufa amazindikira kuti gwero lake ndi limodzi. Onse akufuna kudziwa chimene amoyo angamuchitire munthu amene wapita kale.

Mafunso atatu m'manda

Changu chonsecho chili ndi chifukwa chake. Asilamu amaphunzitsa kuti anthu akangotembenuka kuchoka kumanda, womwalirayo amamva mgugu wa mapazi awo, ndipo angelo awiri, Munkar ndi Nakir, amamukhazika tsonga n'kumufunsa zinthu zitatu: Mbuye wake, chipembedzo chake ndi mtumiki amene ankamutsata. Mayankho ake ana a ku madrasa amawaloweza, koma mashehe amachenjeza kuti kumeneko lilime limangotulutsa zimene munthu anali pamoyo wake. Woyankha bwino manda amamutakasukira, n'kuonetsedwa malo ake a ku Jannah, ku paradizo. Wolephera manda amamupanikiza. N'chifukwa chake anthu akakwirira amaima kaye pang'ono, kumupempherera mnzawo kuti alimbe poyankha.

Nyengo ya pakati pa imfa ndi kuuka imatchedwa barzakh, kutanthauza chotchinga. Sura 23 ya Qur'an imasimba za munthu amene imfa itamufikira akupempha kuti abwezedwe adzakonze zimene anasiya, ndipo pempholo likukanidwa. M'dera limene anthu ambiri amakhulupirirabe kuti agogo angabwere kutulo kudzadandaula za chiliza kapena za ng'ombe, chiphunzitsochi n'cholimba: chimene sichinakonzedwe, wakufa sangabwerere kudzachikonza.

Pofika apa wowerenga wachikhristu amakumbukira kuti ngakhale kwawo yankho si limodzi. Chiphunzitso chimene a ku Scotland anabwera nacho ku Embangweni chimati mzimu wa wokhulupirira umapita kwa Ambuye nthawi yomweyo, thupi n'kumapumula m'manda kudikira kuuka. Mkatolika wa ku Katete amaphunzitsidwa za Puligatoriyo, ndipo pa 2 Novembala amapempherera mizimu ya akufa. Wa Adventist wa ku Lunjika amati akufa ali m'tulo, sadziwa kanthu mpaka Yesu adzabwere. M'Baibulo chofanana kwambiri ndi barzakh ndi fanizo la mwini chuma ndi Lazaro pa Luka 16. Mmenemo wina akutonthozedwa, wina akuzunzika, tsiku lomaliza lisanafike, pakati pawo pali phompho, ndipo pempho lotumiza uthenga kwa abale otsala likukanidwa.

Lipenga, mabuku ndi sikelo

Qur'an ili ndi masura 114, ndipo aafupi a kumapeto, amene ana amayamba kuloweza, adzaza ndi nkhani ya tsiku lomaliza. Sura 75 dzina lake lenilenilo ndi Kiyama. Kukhulupirira tsikuli ndi imodzi mwa nsanamira zisanu ndi imodzi za chikhulupiriro cha Msilamu, pamodzi ndi kukhulupirira Mulungu mmodzi, angelo, mabuku, atumiki ndi chikonzero cha Mulungu.

Mkhristu akamawerenga amakhala ngati akuyenda m'mudzi wachilendo koma akukumana ndi nkhope zodziwika. Lipenga likulira, loimbidwa ndi mngelo amene Asilamu amamutcha Israfil, manda n'kutseguka. Mkhristuyo amakumbukira 1 Akorinto 15. Munthu aliyense ali ndi angelo olemba zochita zake, ndipo pa tsikulo wina akulandira buku lake ndi dzanja lamanja, wina ndi lamanzere. Iye amakumbukira mabuku otsegulidwa pa Chivumbulutso 20 ndi nkhosa ndi mbuzi za pa Mateyu 25. Ntchito zikuyezedwa pa sikelo yotchedwa Mizani. Iye amakumbukira mfumu Belisazara pa Danieli 5, amene anayezedwa n'kupezeka woperewera. Zachilendo ziliponso. Manja, miyendo ndi khungu zikuchitira umboni mwini wake. Pamwamba pa Jahannam, moto wa chilango, pali mlatho wotchedwa Sirat, umene mabuku a Hadith, osunga zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad, amati ena adzawoloka ngati mphezi, ena chokwawa, ena n'kugwera m'moto.

Za sikelo mlimi wa ku Champhira kapena ku Luwerezi safuna womumasulira. Amadziwa momwe thumba la soya lodzaza bwino kunyumba limapepukira likangokoloweka pa sikelo ya venda wosakhulupirika. Sura 83 inatenga dzina lake kwa anthu otere, amene pogula amafuna muyeso wodzaza koma pogulitsa amachepetsa, ndipo imawafunsa ngati sakudziwa kuti adzaukitsidwa. Mneneri Amosi anadzudzula zomwezo pa mutu 8 wa buku lake.

Pa za Jannah m'pamene Akhristu ambiri amakwinya nkhope. Qur'an imakamba za minda, mitsinje, mthunzi, zipatso ndi maukwati, pomwe Yesu pa Mateyu 22 ananena kuti pa kuuka kwa akufa kulibe kukwatira. Kusiyana kumeneku n'koona. Komabe Chivumbulutso nacho chili ndi mtsinje, mtengo wa zipatso ndi phwando, ndipo akuluakulu a maphunziro a Chisilamu amati mphoto yoposa zonse ndi chiyanjo cha Mulungu ndi kumuona iye mwini.

Nkhosa yopanda nyanga

Vesi lalitali kuposa onse mu Qur'an ndi la 282 mu Sura 2, ndipo nkhani yake ndi ngongole: ilembedwe, pakhale mboni, tsiku lobweza lidziwike. Sura 4 imalamula kuti chuma cha womwalira chigawidwe ngongole zake zitabwezedwa kaye.

Imam Bukhari, wosonkhanitsa Hadith amene anamwalira m'chaka cha 870, anasunga nkhani ya maliro amene anabwera nawo kwa Mtumiki kuti awapempherere. Iye anayamba wafunsa ngati munthuyo anali ndi ngongole. Atamva kuti inalipo ndipo sanasiye chobwezera, anauza anthu kuti amupempherere okha. Mmodzi mwa otsatira ake, Abu Qatada, analonjeza kuti ngongoleyo aisenza iye, ndipo apo m'pamene Mtumiki anatsogolera swala. M'buku la Imam Muslim muli chiphunzitso chakuti ngakhale wofera chikhulupiriro amakhululukidwa zonse kupatula ngongole.

Mashehe amagawa zolakwa pawiri. Pali zolakwira Mulungu, monga kuphonya swala kapena kuswa kusala. Munthu akalapa moona, Mulungu angathe kuzifafaniza. Pali zolakwira munthu mnzako, ndipo izi kulapa kokha sikuzimaliza. Chobedwa chibwezedwe, wonamiziridwa apepesedwe, mwini wake akhululuke. Zikapanda kutero mlandu umakafika ku Kiyama, kumene kulibe kwacha kapena randi. Hadith ina yotchuka imati wosauka weniweni ndi munthu amene adzafike ndi mapemphero, kusala ndi zopereka zambiri, koma anatukwana uyu, kudya chuma cha uyo, kumenya wina. Aliyense wa iwo adzatapa pa zabwino zake, ndipo zikatha odandaula asanathe, machimo awo adzaunjikidwa pa iye. Ina imati ngakhale nkhosa yopanda nyanga idzabwezeredwa pa imene inaigunda ndi nyanga. Akuluakulu akale ankati mlandu suwola, ndipo chiphunzitsochi chikungoutalikitsa mwambiwo kudutsa manda.

Munthu wa ku Mzimba akawerenga zimenezi amaona nkhope za anthu amene amawadziwa. Pali transipota amene ananyamula mnyamata pa ngongole mpaka ku Joni, makolo atapinyolitsa ng'ombe, mnyamatayo n'kusintha nambala ya foni. Pali malowolo osatha amene nthawi zina amadzatulukira pa tsiku la maliro a mkazi, akwawo atakana kuti mwambo uyambe. Pali ndalama za banki m'khonde, feteleza wa pangongole, malire a munda osunthidwa usiku. Pali mayi amene mwamuna wake anatchona n'kumusiya ndi ana, ndi wamasiye amene achibale anamulanda malata ndi ngolo nthaka ya pamanda isanaume. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda kotere m'gulu la milandu, ndipo Sura 4 imafanizira wodya chuma cha ana amasiye ndi munthu womeza moto.

Chimene chimamulasa Mkhristu woona mtima n'chakuti zonsezi zilimo kale m'Baibulo lake. Pa Mateyu 5 Yesu akuuza wopereka nsembe kuti aisiye kaye paguwa, akayanjane ndi m'bale wake. Zakeyu pa Luka 19 akulonjeza kubweza kanayi kwa amene anawanyenga. Yakobo 5 akuti malipiro obisidwa a antchito a m'munda akufuula. M'pemphero la Ambuye, Buku Lopatulika linasankha liwu lakuti mangawa, limene ndi ngongole yeniyeni. Koma maulaliki ambiri a pamaliro amathamangira ku chisomo, ndipo n'kosavuta kuti munthu aganize kuti popeza Mulungu wamukhululukira, nayenso amene anamubera mbuzi akhale chete. Kuwerenga za mnansi wa kumzikiti kumamubwezera ku mavesi a kwawo amene anali atawalumpha.

Nkhoswe

Njira zimapatukana pa funso la wolipira. Qur'an imabwereza kangapo kuti palibe wosenza mtolo wa mnzake. M'Chisilamu Adamu analakwa, analapa, nakhululukidwa. Mwana amabadwa wopanda tchimo, ndipo nsembe yowombola anthu onse siifunika. Yesu, amene Asilamu amamutcha Isa, amalemekezedwa kwambiri. Anabadwa mwa namwali Mariamu, amene Sura 19 imatchedwa dzina lake, ndipo ndi Mesiya. Koma Sura 4 imakana kuti anapachikidwa, imati Mulungu anamukweza kwa iye. Mabuku a Hadith amati adzatsikira ku Damasiko kumapeto a nthawi n'kugonjetsa Dajjal, wonyenga wamkulu. Pa tsiku la Kiyama iye adzakhala mboni. Woweruza ndi Mulungu yekha.

Wopembedzera alipo. Hadith yaitali imasimba kuti anthu atatopa ndi kuima kwa tsikulo adzapita kwa Adamu, Nowa, Abrahamu, Mose ndi Isa, aliyense n'kuwalozera kwa wina, mpaka Muhammad adzawapepesere, Mulungu atamulola. Kwa Mkhristu, Yesu ndi woweruza komanso nkhoswe, ndipo kalata ya kwa Akolose imayerekeza mtanda ndi malo amene chikalata cha ngongole chinakhomedwa. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu amadziwa kusiyana kwa m'bale amene amaimirira kukupepesera ndi m'bale amene amalowa m'khola lake n'kutulutsa ng'ombe ya chindapusa. Msilamu amati woyambayo ndi wokwanira, chifukwa Mwini bwalo ndi wachifundo ndipo safuna magazi a wosalakwa kuti akhululuke. Mkhristu amati mlandu wake ndi waukulu moti popanda wachiwiriyo sakanatuluka. Apa palibe chinyengo cha mawu chimene chingalumikize awiriwa, ndipo wowerenga wanzeru sayesa n'komwe.

Komabe amasiya mabodza ena amene anakula nawo. Ambiri amati Msilamu amangodalira ntchito zake. Koma Bukhari ndi Muslim onse anasunga mawu a Mtumiki onena kuti palibe adzalowe ku Jannah chifukwa cha ntchito zokha, ngakhale iye mwini, koma mwa chifundo cha Mulungu. Masura onse kupatula Sura 9 amayamba ndi kutchula Mulungu wachifundo. Chabwino chimodzi chimawerengedwa kakhumi, choipa kamodzi. Pali nkhani ya mkazi wadama amene anakhululukidwa chifukwa chomwetsa galu waludzu, ndi ya wamalonda amene anakhululukidwa chifukwa ankapepukitsira omukongola, nkhani imene imamveka ngati mapasa a fanizo la kapolo wosakhululuka pa Mateyu 18. Nayenso Msilamu amene amati Akhristu anapatsidwa chilolezo chochimwa sanawerenge Yakobo 2.

Kusiyana kumamveka bwino pamanda. Amayi a Umanyano ndi abambo a Madodana amaimba nyimbo za m'buku la Sumu za Ukristu motsimikiza kuti mnzawo wafika kwawo. Asilamu amapempha, chifukwa amaphunzitsidwa kukhala pakati pa mantha ndi chiyembekezo, ndipo za Jannah amazinena ndi mawu akuti Mulungu akalola. Kwa wina kutsimikiza kuja kumamveka ngati kulowerera bwalo la Mulungu. Kwa mnzake kupempha kuja kumamveka ngati mtima wosapeza mpumulo.

Nanga mnansi uja?

Funso limene limasowetsa tulo ndi la telala uja wa pakhonde, amene anasoka yunifomu ya ana pangongole osadzakumbutsa. Mabuku a mbali zonse ali ndi mawu otsegula khomo ndi otseka. Sura 2 imatchula Ayuda ndi Akhristu okhulupirira Mulungu ndi tsiku lomaliza pakati pa olandira mphoto, pomwe Sura 3 imati chipembedzo china sichidzalandiridwa, ndipo Sura 5 imadzudzula onena kuti Mesiya ndi Mulungu. Akatswiri a Chisilamu akhala akumasulira mavesiwa mosiyanasiyana kwa zaka mazanamazana. Mipingo yambiri ya ku Mzimba imagwira Yohane 14 n'kunena kuti njira ndi Yesu yekha. Mpingo wa Katolika, pa msonkhano wachiwiri wa Vatican, unalemba mu 1964 kuti Asilamu ali m'chikonzero cha Mulungu cha chipulumutso, ndipo mu 1965 chikalata cha Nostra Aetate chinawatchula mwaulemu ngati anthu odikira tsiku la chiweruzo. Chimene mashehe ndi abusa ambiri amavomerezana n'chakuti chigamulo cha munthu mmodzimmodzi sichili m'manja mwawo.

M'Malawi atsogoleri a zipembedzo ziwirizi akhala pa tebulo limodzi m'bungwe la Public Affairs Committee kuyambira mu 1992, koma m'midzi mgwirizano wa pamaliro ndi wakale kuposa bungwelo. Bukhari anasunganso nkhani yakuti Mtumiki anaimirira pamene maliro a Myuda ankadutsa, ndipo omudabwa anawakumbutsa kuti ameneyonso anali munthu. Pa boma la Mzimba kapena pa Jenda, Mkhristu amapita kukakhuza maliro a Msilamu, n'kuima kumbuyo kwa mizere mpaka swala ithe. Msilamu amabwera pasiwa pa mkulu wa mpingo, kuponya chipepeso m'mbale, ndipo akubanja amaonetsetsa kuti mbuzi yachinjidwa moyenera kuti nayenso adye.

Chilengezo cha ngongole chimamveka mbali zonse ziwiri, kusiyana kwake ndi nthawi. Kwa Asilamu kawirikawiri nkhaniyi imakambidwa thupi lisanalowe m'manda, ndipo mwana wamwamuna kapena mchimwene wa malemu amadziwika pamaso pa anthu kuti ndiye wasenza. Pa maliro achikhristu imadikira mpaka madzulo, khamu litabalalika. Kuseri kwa nyumba amalume kapena atate aang'ono amakhala pa mpando ndi kope la sukulu pamwendo. Amabwera wa golosale ndi tsamba la shuga ndi sopo, mlembi wa banki m'khonde ndi buku lake, mnyamata wa ganyu amene anapalira munda wa fodya osalandira kanthu. Wina amatchula ndalama zake zilembedwe. Wina amangogwira dzanja la wamasiye n'kunena kuti zake zija zisalembedwe, wazisiya, kenako n'kutenga njinga yake kuti akafike kwawo kusanade.